Timatumba pa Muwawani

Dyna anadula katumba kena pa nthambi ya muwawani n'kukaponya pamoto. Pulasitiki inanyala, ndipo dothi lonyowa la m'katimo linazimitsa makala. Sanakuwe ngati tsiku loyamba lija. Anali atatopa.

Timatumbati tinayamba kuoneka mvula itakhazikika, patapita miyezi ingapo mwamuna wake, Sailesi, atagwa ndi sitiroko. Matendawo anamupha mbali ya kumanja n'kumulandanso mawu. Tsiku lonse ankangokhala pamphasa pakhonde, maso ali pa dimba lake.

Chipumireni ntchito yodula nzimbe ku Dwangwa, Sailesi anadzaza bwalo lonse ndi zitini ndi zigubu zodula pakati. Munali nimu, chammwamba, gondolosi ndi mpungabwi. Sanali sing'anga, ndipo sankagulitsa kanthu. Ankangokonda kudziwa dzina la chomera chilichonse ndi mmene chimaberekera. Dyna analibe nazo chidwi zimenezi. Koma muwawani ankaudziwa, chifukwa Sailesi anautenga ku mtsinje wa Bua uli kamtengo, ataumangirira pa njinga ngati mwana. Chaka ndi chaka unkachita maluwa achikasu koma osabereka nthanga. Nthambi zimene ankadula n'kuzika m'zitini zinkangouma.

Chaka chimenecho madzi a nyanja ya Chia anakwera kwambiri. Anameza munda wa chinangwa, anagwetsa chimbudzi, anakokolola theka la zitini zija. Tsopano ankanyambita tsinde la muwawani. James, mwana wawo, anali atawapezera nyumba kumtunda, kutsidya kwa msewu wa tala, ndipo ananena kuti lole idzawatenga Loweruka. Dyna ankangofuna chinthu chimodzi: kuti mwamuna wake akwere loleyo ali moyo.

Timatumba tonse tinkamangidwa mofanana. Khungwa la nthambi linkasendedwa mozungulira ngati mphete, pabalapo n'kumatapo dothi, n'kukulunga ndi jumbo yakuda. Chomangira chake chinali ulusi wa ukonde, ndipo kumapeto kwa mfundo iliyonse kunali kotafunidwa. Anali mano a munthu. Tonse tinali pa nthambi za m'munsi, zosafika n'komwe m'chiuno. Womangayo, anaganiza Dyna, amabwera chokwawa kuti asaoneke.

Nanga ulusi wa ukonde angakhale nawo ndani? Kuseri kwa mpanda kunkakhala Yakubu, msodzi amene mbuzi zake zinadyapo mbande za Sailesi, mpaka awiriwo anatha chaka osalonjerana.

"Mwaswera bwanji, mayi a James?" anafunsa Yakubu atamuona Dyna pampandapo, uku akusoka ukonde wake. "Nanga akuluwo ali bwanji?"

"Mukufunsa ine? Si inu amene mukudziwa bwino za thupi lawo?"

"Ine? Ndakhala dokotala liti?"

"Ulusi wanu ukuthera pa mtengo wanga."

Yakubu anapukusa mutu osasiya kusoka. "Ulusi wanga uli m'nyumba iliyonse muno, mayi. Ngakhale a Sailesi ankabwera kudzapempha womangira zomera zawo."

Dyna anabwerera kunyumba kwake. Mfiti sivomera masana.

Umboni anali nawo. M'mawa uliwonse ankapita kumsewu kukagulitsa mpunga, ndipo tsiku limene wapeza katumba katsopano ankapezanso Sailesi ali wefuwefu, thukuta lili thupi lonse. Buluku linkakhala lamatope, mawondo okalika, nkhama zikuchucha magazi. Amayi a kutchalitchi anati afiti akumuyendetsa, akumugwiritsa ntchito kwinakwake. Anabwera, anapemphera, anapita. Dyna ankatsala ndi beseni la zovala zamatope ndi msana wowawa.

Tsiku lina anatenga katumba kamene anangodula kumene n'kukamuonetsa mwamuna wake. Sailesi anabuula. Anamenya mphasa ndi dzanja lamanzere, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope.

"Mte... mte..." anatero Sailesi.

"Ndikudziwa, bambo a James. Musaope. Ndikutiotcha tonse, palibe kotsala."

Sailesi anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo anakana phala.

Lachinayi Dyna anaganiza zomugwira munthuyo ndi manja ake. Anasenza beseni la mpunga monga mwa masiku onse, anatsanzika mokweza kuti a kuseri kwa mpanda amve, kenako anakasiya besenilo kwa mnzake. Dzuwa litafika pamutu anabwerera podzera m'bango, madzi ali m'mawondo, chikwanje chili m'manja. Sankadziwa ngati mphamvu zokweza chikwanjecho anali nazo.

Pansi pa muwawani panali munthu. Anali atakhala m'matope, msana ataulozetsa kwa iye, mutu uli pa nthambi. Dyna anayandikira mwakachetechete. Pambali pa munthuyo panali mpeni wakukhitchini umene iye anausowa kalekale, ndi mkwasa wa munthu wodzikoka kuchokera kukhonde. Pa nthambi ina yoloza kumadzi panali katumba kakale kamene iye sanakaonepo. Jumbo yake inali itang'ambika, ndipo timizu toyera tinali titatulukira kunja. Nthambiyo inali itasanduka mbande yoti n'kuidula n'kukaibzala kwina.

Munthuyo anatembenuka, ulusi uli m'mano, dzanja lamanzere likukoka mfundo. Anali Sailesi. Anaphimba katumba ka mizu kaja ndi thupi lake lonse, anayang'ana chikwanje, nalavula ulusi.

"Aka... ayi," anatero movutika. "Tipite... nako."