Msoko wa Dzanja Lamanzere

Mphekesera yomwe yadzaza makonde a chipatala chophunzitsira madokotala ndi yoti Apulofesa anagwetsa singano ophunzira akuona. Ndi zoonatu zimenezo.

Zaka zisanu zapitazo, dokotala wina wamkazi, yemwe anzake amangomutchula Wamanzere, anatulukira kasokedwe kolumikiza mlomo wong'ambika wa khanda osasiya chipsera chachikulu. Apulofesa anakalemba m'buku n'kuikapo dzina lawo lokha. Wamanzere anazisunga mumtima.

Ndiye mwezi watha mdzukulu wa Apulofesawo anabadwa ndi mlomo woterowo. Apulofesa anamulondola Wamanzere mpaka m'kalasi kudzapempha kuti akamusoke mwanayo.

"Kasokedweko si kanu kodi, bwana?" anafunsa Wamanzere, akuwakankhira chidole chophunzirira. "Tasokani apa, anawa aonere kwa eniake."

Apulofesa anagwira singano ndi dzanja lamanja ngati masiku onse. Anapotoza uku, anapotoza uko, ulusi n'kumangopiringizana. Pokopera paja sanazindikire kuti msokowo umatheka ndi dzanja lamanzere. Singano ija inagwa pansi.

"Ndi kanu, mayi," ananong'ona.

"Akumbuyoko sanamve, bwana."

Apulofesa anabwereza mokweza. Wamanzere anatola singanoyo, mtima uli mbee.

Mwanayo anasokedwa bwinobwino, moti pano akuyamwa osapumira. Koma anamwino akuti Wamanzere anali atalemba kale khandalo pamndandanda wa opaleshoni ya Lachiwiri, agogo akewo asanabwere n'komwe kudzapempha. Mukanakhala inuyo, mukanawauziratu?