Mkamwini amene anagwetsa atsibweni panjira

Panali munthu wina dzina lake Lazarous Mwale, wa ku Katete, amene anakakwatira ku mapiri a ku Vubwi m'zaka za m'ma 1920. Nkhaniyi ndi yoona. Ine zopeka sinditumiza.

Lazarous anali mkamwini. Ankakhala kwawo kwa mkazi wake Tryness n'kumalima munda wa apongozi, ndipo ukamwiniwo unali utamukwana. Ankafuna chitengwa, kuti atenge mkaziyo akakhale naye ku Katete. Woti avomere anali mmodzi yekha, a Obed, atsibweni ake a Tryness, mwini mbumba.

Chimene Lazarous ankadalira chinali njinga yamoto. Mzungu wa fodya amene ankamugwirira ukapitawo anamusiyira pobwerera kwawo, ndipo m'midzi yonseyo panalibenso wina wokhala ndi mthuthuthu. Chimodzi chokha chinkamunyansa: manati a njingayo anali obooledwa n'kumangidwa ndi tiwaya topota.

Litayandikira tsiku lopempha chitengwa, kunabwera mkulu wake Gabriel, amene anali nkhoswe yake. Anamupeza akudula tiwaya tija, n'kumapaka nati iliyonse mafuta a nsatsi kuti inyezimire.

"Iwe, ukutani?" anafunsa Gabriel.

"Ndikuchotsa umphawi, achimwene. Njinga yomanga ndi waya ngati dengu lothyoka? Anthu aziti ndinachita kutola kudzala."

"Waya ameneyo ndiye akugwira manatiwo. Ine njinga izi ndinaziona ku nkhondo ya Jeremani. Zikalowa m'miyala zimanjenjemera, nati imadzimasula yokha. Ndiye iwe ukuithiranso mafuta kuti iterere bwino? Pukuta, umange ndi sipanala, ubwezere waya."

"Inu ku nkhondoko munkasenza katundu pamutu. Njinga munkangoionera fumbi."

Tryness anali pakhonde akupeta mapira. "Bambo, amvereni alamu," anatero.

"Nawenso? Gwira lichero lako, zachitsulo uzisiye."

Gabriel anangoti, "Chabwino. Ine ndanena."

Tsiku lija abale onse a Tryness anasonkhana pabwalo. Gabriel anayankhula bwino, mwaulemu: mng'ono wake walima, wamanga nyumba, mwana wa eni sanamukhudzepo ndi dzanja. A Obed ankangogwedeza mutu kuvomereza. Nkhani inali itatsala pang'ono kutha. Koma Lazarous pakamwa panamuyabwa, anadumphira nkhoswe ikuyankhula.

"Ndipo mwana wanu sayenda pansi ayi. Akwera iyo mukuionayo!"

A Obed anayang'ana njinga ija ikunyezimira padzuwa.

"Mbumba yanga ikwere chinthu chimene ine sindinachiyese? Ndiyambe ine. Tikafike kumtsinje, tibwerere."

Anayala chikopa cha mbuzi pa kaliyala, mkuluyo nakhalapo. Njinga inalira, amayi anaimba nthungululu, ulendo. Kanjira kake kanali ka miyala ndi mizu yokhayokha.

"Akamwini, chinthuchi chikugwedera!" anakuwa a Obed.

"Ndi mmene imayendera imeneyi! Gwiritsani!"

Anawonjezera moto. Potsetsereka kulowera kumtsinje, manati a kaliyala anathera m'miyala, kaliyala inathothoka, a Obed nayo pamodzi. Chifukwa cha phokoso Lazarous sanamve kanthu. Anangomva njinga yapepuka, n'kuganiza kuti tsopano yayamba kukoka bwino. Anazungulira njira ya kumadimba akuyankhula ndi mphepo.

"Mwaimva mphamvu, atsibweni? Mwangoti zii, mantha eti? Ku Katete imeneyi imafika dzuwa lisanapendeke!"

Analowa pabwalo chifuwa chili patsogolo. Nthungululu inayamba, n'kudukira pakati.

"Atsibweni ali kuti?" anafunsa Tryness.

Lazarous anatembenuka. Munthu palibe, kaliyala palibe.

Anthu anakawapeza a Obed ali m'chitsamba cha chitedze, dzanja limodzi lothyoka, linalo akudzikanda nalo thupi lonse. Anabwera nawo pa machira. Mukuganiza kuti Lazarous anagwada kupepesa? Ayi ndithu.

"Njinga ilibe vuto," anatero. "Ndi njira yanu ya kunoyi. Komanso iwo sanagwiritse."

A Obed anafuna kuyankha, koma Tryness anaimirira.

"Atsibweni, musadzivutitse, ndiyankha ndine. Ine sindipita. Munthu wagwetsa mwini mbumba pamudzi pake pomwe, osatembenuka n'komwe. Nanga ine akakandigwetsa kutali uko, adzanditola ndani? Ngati akundifuna, ndili pano. Ngati sakundifuna, njira ndi imeneyo, akwere."

A Obed anayang'ana Gabriel. "Ankhoswe, mwamva nokha. Chitengwa palibe."

Lazarous sanapitenso naye mkazi ku Katete. Anakalambira pa ukamwini, imvi zinamera ali m'munda wa apongozi, ndipo mpaka imfa yake mlandu ankauika pa njira.

Phunziro: Njinga siyendera kunyezimira. Inu anyamata a njinga zamoto amene mukunyamula amayi athu m'misewu ya fumbi ya Katete, Sinda ndi Vubwi, gwirani sipanala musananyamuke, yesani nati iliyonse, ndipo chimene mwapeza chomangidwa musamasule chifukwa choti sichikukongola. Wokuchenjezani musamufunse kuti anakwerapo kangati. Amene akwiye akwiye, ine sindibweza mawu, ndipo njinga yogwedera sindikwera ngakhale mundigwadire. Tumizani kwa aliyense amene ali ndi njinga, muyambire uja amati amadziwa zonse.