Ndakatulo ya Anankafumbwe

"Anankafumbwe inu, Kasungu wathu wokongola wafumbwa!" a Kalekeni anamaliza ndakatulo yawo.

Anthu pamsonkhano wa alimi pa Chamama anaomba m'manja, koma akazi awo, a Louisa, anangogwira pakamwa. Anali atawachenjeza m'mawa kuti, "Bambo a Yewo, mukanyoza a Fredson, kuponi ya fetereza chaka chino muiiwale."

A Fredsonwo, eni sitolo ya zaulimi, ankamwera limodzi ndi ogawa makuponi, ndipo fetereza wotsika mtengo ankathera kwa mavenda m'tauni. Nankafumbwe wamkulu wa m'ndakatulomo anali iwowo. A Kalekeni anabisa dzinalo mwaluso, komabe anabwera atavala malaya awiri, poti amamva kuti kupolisi kumazizira.

Posakhalitsa anaona a Fredson akubwera, mimba patsogolo.

"Alakatuli, mwalasa!" anatero a Fredson, akuwagwira dzanja. "Tizilombo timeneti tatha chimanga, koma anthu safuna kugula mankhwala. Loweruka mudzalakatule pakhonde pa sitolo yanga."

"Koma bwana, nankafumbwe wake ameneyu..."

"Musavutike, thumba limodzi la fetereza ndi lanu."

A Kalekeni anaganiza za kulimba mtima kwawo, komwe palibe anakuona. Kenako anaganiza za fodya wawo ku Kapelula, yemwe masamba ake anali atayamba chikasu.

Anatsokomola pang'ono.

"Bwana, mankhwala a makoswe mumagulitsanso? Ndili ndi ndakatulo ina."