Makala a Pamphumi pa a Paston

A Paston sankafuna kukhala Wokana Khristu m'sewero la kutchalitchi, koma anzawo onse atakana, iwo anangovomera. Madzulo ena, atamaliza kuyeserera ku Limbe, anapeza mpopi wa patchalitchi wauma. Anakwera minibasi masikisi atatu olembedwa ndi makala adakali pamphumi.

"Abwana, kakhaleni kumbuyo uko, mundithawitsira makasitomala!" anatero kondakitala, anthu n'kufa nacho chikhakhali.

A Paston sanaseke nawo. Mtima unali pa Winnie, mwana wawo wamng'ono, amene tsiku lina atawaona atalembedwa chonchi analira mpaka kukana kuwayandikira. Anamulonjeza kuti zimenezo sadzazionanso.

Atatsika pa Chitawira anapeza magetsi azima. Bambo wina wovala suti yosita bwino anayamba kuyenda pambali pawo, koma nsapato zake sizinkamveka pamiyala.

"Mumayesetsa ndithu m'sewero muja, achimwene," anatero bamboyo mwaulemu. "Kungoti mumakalipa kwambiri. Inetu sindikalipa. Ndani angatsate munthu waukali?"

Kenako anawapatsa mpango wonyowa kale. A Paston anazengereza, koma atakumbukira misozi ya mwana uja, anapukuta pamphumi mwamphamvu. Potembenuka kuti abweze mpangowo, mumsewu munalibe munthu.

Kunyumba amene anatsegula chitseko anali Winnie, kandulo ili m'manja. Pamphumi pa a Paston panali poyera, popanda ngakhale kadontho. Mwanayo anakweza kandulo, n'kuwayang'anitsitsa, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Amayi," anaitana monong'ona, "pakhomo pali munthu. Wavala malaya a adadi."