Mitu Khumi ndi Iwiri ya Abednego

Khofi loyamba linamupeza Abednego asanamalize kupepesa. Anali atangotsika minibasi pa Nathenje pomwe miyendo yake yosamvera ija inamuponyera pa mulu wa tomato wa eni ake.

"Kuledzera m'mawa uno, kamwana iwe!" anakalipa wogulitsayo.

"Sanamwe, bambo, ndi matenda!" anakuwa Maness, mlongo wake. "Ndipo si mwana, ali ndi zaka makumi atatu!"

Anthu anaseka. Zaka makumi atatu, wopanda ndi kandevu komwe, mawu ngati a mtsikana?

Maness anang'amba envulopu imene anachokera nayo kuchipatala ku Blantyre, n'kukweza padzuwa chithunzi chakuda choonetsa mkati mwa mutu wa Abednego. Adokotala anali atamulozera mbali ya ubongo yakunkhongo imene inafota. Ankafuna anthuwo adzionere okha.

Kuseka kunatheratu. Pachithunzipo panali mitu khumi ndi iwiri yondandalikidwa bwinobwino, uliwonse wodulidwa pakati ngati dzungu.

"Mayo ine, mitu ya anthu!" analira mayi wina. "Anamapopa aja ndi amenewa!"

"Ndi mutu umodzi! Ndi wake womwewu!" anatero Maness, koma panalibenso womumvera.

Chidutswa cha njerwa chinang'amba khutu la Abednego. Anayesa kuthawa, koma mwendo wina unalowera uku, wina uko, ndipo anagwa chafufumimba m'fumbi.

Maness anadziponya pamwamba pake n'kufungatira mutuwo ndi manja onse awiri. Miyala inayamba kutera pamsana pake.

Pansi pa chifuwa cha mlongo wakeyo, Abednego anali akupepesabe za tomato uja.