Mkhalapakati wa pa Khonde

Sajeni anatuluka mu ofesi ya a Chindevu pepala lake la kafukufuku litafiira psuu ndi cholembera. Ndime zonse zimene bamboyo anakhwatcha ndi zomwe Mayi Lumo anamuuza dzana kuti awonjezere. Anaima pa khonde, pakati pa zitseko ziwirizo, n'kuusa moyo.

Anali wapolisi, choncho anzake a m'kalasi sanavutike kumupezera dzina. Atatopa ndi kuthamangitsana ndi anyamata ogenda miyala nthawi ya chisankho, anapempha tchuthi kuti adzachite digiri yachiwiri ya mikangano ya ndale ndi kumanga mtendere. Sankadziwa kuti nkhondo yeniyeni adzaipeza pakati pa aphunzitsi a mtendere omwewo.

Omuyang'anira pa kafukufuku anali awiri. A Chindevu ankati zipolowe zimabadwa ndi njala, mnyamata wokhuta sagenda. Mayi Lumo, omwe dzinalo analipata chifukwa cha kuthwa kwa lilime, ankati zimabadwira pakamwa pa atsogoleri. Njala ilipo chaka chonse, nanga bwanji miyala imauluka pa chisankho pokha? Akakumana pa msonkhano ankadulana mawu, wina kutchula mnzake "wophunzira mnzangayu" ndi liwu loti ntchentche ikanamva ikanagwa.

Sajeni analibe nthawi ya miseche ya pasukulupo. Kalasi ikatha ankathamangira basi, poti kunyumba anasiya mwana wamng'ono. Chomwe ankadziwa n'chakuti tchuthi chake chinali kumchira, ndipo awiriwa akapanda kusaina abwerera kuntchito manja ali m'khosi. Bwana wake, amene ananena poyera kuti sukulu ya ukulu ndi kutaya nthawi, akanaseka mpaka kuoneka dzino la kumapeto.

Nzeru inamubwerera ali pa khonde pomwepo. M'mabuku awo omwewo munalembedwa kuti adani akakana kukhalira limodzi, mkhalapakati amayenda uku ndi uku atanyamula mawu ofewa. Zoti mawuwo akhale oona, kaya mabukuwo ananena, koma tsamba limenelo Sajeni analidumpha.

Anayambira kwa Mayi Lumo. Akutolera mapepala ake, anangoponya mawu ngati mwangozi, kuti a Chindevu amati pasukulu ponse palibe munthu wowerenga mozama ngati Mayi Lumo. Mayiwo anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa.

"Anena ndi pakamwa pawo?"

"Ndi pakamwa pawo, Mayi," anayankha Sajeni, nkhope ili gwa ngati ali pa pelete.

Tsiku lomwelo anagogoda khomo linalo. Kumeneko anaulula, atayamba wapempha kuti zisamveke, kuti Mayi Lumo amati buku la a Chindevu lonena za njala ndi limene linawatsegula maso, kungoti amachita manyazi kuvomera pagulu. Bamboyo anasisita ndevu zawo pang'onopang'ono ngati akusisita mphaka, ndipo ndime imene anafuna kuikhwatcha anaisiya.

Sabata yotsatira inki yofiira inachepa mbali zonse. Sajeni anaona kuti mankhwala agwira, n'kuwonjezera mlingo. Kuno ankati Mayi amasirira liwu lanu mukamaphunzitsa, akuti ngati la pa wailesi. Uko ankati Bambo avomera kuti pa mutu wachitatu paja inu ndi amene munalondola. Posakhalitsa eni ake anayamba kumufunsa asanakhale n'komwe pansi kuti kwa anzathu uko kuli zotani lero. Zoyamikira za nzeru zitamuthera, anagwira za malembedwe, za kayendedwe, mpaka za nsapato. M'basi ankangokhalira kupeka, ndipo tsiku lina anapitirira siteji yake akufunafuna mawu atsopano otamira ndevu.

Chinkamudabwitsa chinali chimodzi. Pepala linali litawongoka, onse ankalitama, koma kusaina ayi. Uyu ankapeza kampumiro kosowa, uyo ankapeza dzina lolembedwa mopotoka, ndipo onse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: mubwerenso sabata ya mawa. Sajeni anadzilimbitsa mtima kuti mabala akale sapola tsiku limodzi. Mabuku nawo ankatero.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutheratu, anaitanidwa ku ofesi ya Mayi Lumo. Atalowa, anapeza mayiwo sali okha. A Chindevu anali momwemo, atakhala pa tebulo limodzi ndi mdani wawo, akumwa tiyi. Sajeni anaganiza kuti mabodza ake akumana, ndipo anayamba kukonza mawu opepesa. Koma palibe anamufunsa kanthu. Mayi Lumo anasaina, n'kupatsira cholembera a Chindevu, iwonso n'kusaina. Anagwirizana kuti zipolowe zimafuna zonse ziwiri, mimba yopanda kanthu ndi pakamwa popanda chitseko.

Sajeni anakumbatira pepala lake pachifuwa. Zimene zinakanika akuluakulu a pasukulupo, iye anazitha yekha, wopanda mfuti ngakhale utsi wokhetsa misozi. Mumtima anayamba kale kuona nkhope ya bwana wake. Anathokoza mwaulemu n'kugwira chitseko.

"Tikanasaina kalekale, Sajeni," anatero Mayi Lumo akuvala magalasi. "Koma madzulo tikafika kunyumba timafunsana kuti kodi lero ndakuyamikira zotani. Chikwatirane, bambo a ana angawa sanandiuzepo mawu okoma ngati amene mumawaikira m'kamwa inuyo."

A Chindevu anaika kapu pansi n'kupukuta ndevu.

"Ndiye mubwerenso mudzachite digiri yachitatu, ya udokotala, mwanangu. Banja lino likufunabe mkhalapakati."