Chingwe cha Kaiti ya Kamini

"Leka, uidula! Bweretsa kuno!"

Deonarine, mwamuna wanga, walanda chingwe m'manja mwa mwana wathu Kamini. Kaitiyo mwanayu waimata yekha sabata yonse kudikira Pasaka, nthawi youlutsa makaiti kuno, koma pakhoma lotchinga nyanja pano bambo ake akumukalipira ngati kapitawo wa m'minda ya nzimbe.

Ine miyendo ikuwawa, zokangana ayi. Ndangomutula bamboyo khanda lathu pachifuwa, thewera lili chinyowere, chingwe n'kuchibwezera kwa Kamini.

"Bwana mkubwa, tagwirani nduna yanuyi."

"Aa, mayi a Kamini, nanga chingwe?"

"Chili ndi mwini wake."

Kaiti yakwera, Kamini akuseka. Bwana akulamulabe kuti, "Kokera kumanzere!" koma womumvetsera ndi khanda lokha, ndipo lamugwira mphuno.